Dziko lomwe ndinkalijambula ndi choko

Tsiku loyamba: São Paulo

Ndafika ku Brazil, abale. Mapazi atupa ngati mitanda ya nsima, koma ndafika. Kuchoka pa Chileka kukafika ku Johannesburg sunali ulendo wodandaulitsa. Chandithyola msana ndi maola khumi ouluka pamwamba pa nyanja ya Atlantic: kusuzumira pawindo, madzi; kugona, kudzuka, madzi omwe aja. Wotchi yanga ikadali pa nthawi ya kwathu ndipo ikuti ndi pakati pa usiku, pomwe kuno anthu akungoyamba kumene mgonero. Tasiyana ndi maola asanu.

Kwa zaka zoposa makumi atatu ndinkajambula dziko lino pa bolodi, ana akukopera. Ndinkayambira pa chimimba chakum'mawa chija, n'kutsetsereka nacho mpaka kumchira, pakati n'kulembapo kuti Amazon, basi phunziro latha, tiyeni ku Argentina. Lero mwana wa mlongo wanga, yemwe amagwira ntchito za ulimi kuno ndipo ndi amene wandigulira tikiti, wandichingamira pa bwalo la ndege la Guarulhos atanyamula chijasi. "Malume, valani." Ndinamuseka. Ine ndalongedza malaya a manja aafupi okhaokha, poti ndikupita ku dziko lotentha. Titangotuluka panja ndinamulanda chijasicho mwakachetechete.

Kunja kuli chiperoni. Sindikukokomeza ayi: kamvula kowaza kosatha, mitambo yotsika mpaka kumeza nsonga za nyumba zosanja, kamphepo kolowa m'mafupa, ndendende Limbe mu Julaye. Kuno amakatcha garoa, ndipo mzindawu unatchuka nako. Gwero lake ndi lomwe lija la kwathu. São Paulo ali pamtunda, mamita pafupifupi 760 kuchokera pa nyanja, ndipo nyanjayo siili patali. Mphepo yonyowa ikakwera chitunda imazizira n'kusanduka nkhungu. Yathu imachokera ku nyanja ya Indian kudzera ku Mozambique, yakuno ndi ya ku Atlantic, kawirikawiri ikukankhidwa ndi ina yozizira kwambiri yochokera kummwera.

Ndisanagone ndawerengetsa pa kapepala. Brazil ndi masikweya kilomita 8.5 miliyoni. Malawi, ndi nyanja yomwe, ndi 118,484. Ndiye kuti Malawi angalowe muno pafupifupi ka 72. Nambalayi ndinkaidziwa, koma ndinkaidziwa mmene mwana amalowezera ndakatulo ya tsiku lotsekera sukulu.

Tsiku lachiwiri: Santos

Takwera basi kupita ku gombe. Amene munatsikapo msewu wa ku Chikwawa mukudziwa mmene makutu amatsekekera, ndi mmene kutentha kumakulonjererani mukafika pa Thabwa. Zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mtsetsewo ndi chikhoma chotsata gombe makilomita oposa 1,000, chotchedwa Serra do Mar, ndipo msewu wa Imigrantes suzungulira phiri monga wathu. Umaliboola, n'kutulukira pa milatho yoima pa mizati italiitali, mitengo ili pansi panu. Nkhalango yake ndi yobiriwira biriwiri, yodontha madzi. Imeneyi si Amazon. Ndi Mata Atlântica, yomwe kale inkakuta mbali yaikulu ya gombe koma inathera m'minda ya nzimbe, khofi ndi mizinda. Yatsala m'malo otsetsereka omwe khasu linalephera.

Ku Santos kuli doko lalikulu kuposa ena onse ku Latin America. Sitima zodikira kunja kwa doko ndinaziwerenga mpaka ndinasokonekera. Soya, shuga, khofi. Ndadya nsomba yokazinga, ndavula chijasi, zokwana.

Chomwe chandikhala m'mutu si doko koma mtsinje wa Tietê. Umayambira m'mapiri omwewa, ku Salesópolis, makilomita 22 okha kuchokera ku nyanja. Munthu n'kuyembekezera kuti ungotsetsereka n'kukathira m'nyanjamo lisanalowe dzuwa. Ayi ndithu. Umafulatira nyanja, kudutsa pakati pa São Paulo, n'kuyenda makilomita oposa 1,000 kulowera m'kati mwa dziko mpaka kukathira mu mtsinje wa Paraná, ndipo madzi ake amakaonana ndi nyanja pakati pa Argentina ndi Uruguay. Zili ngati munthu wa ku Ndirande wofuna kukaona mnzake ku Chirimba n'kudzera ku Karonga. Dziko lino linatukuka m'mphepete n'kupendekera m'kati, ngati mbale yomwe wina waikweza mbali imodzi. N'chifukwa chake kulowa kumtunda kunali kovuta, ndipo kwa zaka mazana Apwitikizi anangokakamira ku gombe, mpaka wansembe wina wolemba mbiri m'zaka za m'ma 1600 anawafanizira ndi nkhanu.

Tsiku lachitatu: Brasília

Ola limodzi ndi theka pa ndege, ndipo zobiriwira zija zatha. Pansi dothi la katondo, udzu wouma, ndi minda yozungulira bwino ngati malichero, komwe makina othirira amazungulira pa mtengo umodzi.

Titatera, mnyamatayu anatsegula mapu a pa foni n'kundipatsa. "Malume, werengani manambala awa, inu ndinu aphunzitsi." Madigiri 15, mphindi 47, kummwera kwa ikweta. Ndinayang'ananso kachiwiri. Amenewa ndi manambala a Blantyre. Munthu atanyamuka pa Clock Tower n'kulunjika kuzambwe osakhotera kwina, kudutsa Mozambique, nsonga ya Zimbabwe, Zambia, Angola, kuwoloka nyanja, angafikire mu mzinda uno. Kukweranso kwake n'kofanana: Brasília ali pa mamita pafupifupi 1,170, Blantyre kupitirira pang'ono 1,000. Dzuwa likudutsa njira yomwe ndinaizolowera, mthunzi wa masana ukugwera kummwera monga pakhonde panga, m'mawa kukuzizira, masana kukuwala kopanda kamtambo. Ndayenda theka la dziko lapansi kudzapeza chilimwe cha kwathu.

Mvula kuno imagwa mamilimita pafupifupi 1,500 pa chaka, yoposa ya ku Blantyre, koma pafupifupi yonse imagwa pakati pa Okutobala ndi Epulo. Kuyambira Meyi kumwamba kumatseka. Mu Ogasiti ndi Seputembala chinyezi cha mu mpweya chimatha kutsika kufika pansi pa 20 pa 100 aliwonse, ndipo boma limachenjeza anthu kuti asamathamange masana. Milomo yanga yayamba kale kusweka. Omanga mzindawu ankalidziwa vutoli, n'chifukwa china anatchingira mtsinje n'kupanga nyanja ya Paranoá, yomwe yakumbatira mzinda mbali ya kum'mawa.

Mzindawo unatsegulidwa ngati likulu la dziko pa 21 Epulo 1960, Juscelino Kubitschek ali pulezidenti, cholinga chake kukokera anthu kumtunda, nkhanu zija zisiye gombe. Ife tinachita zonga zomwezo mu 1975 pochotsa likulu ku Zomba kupita ku Lilongwe, ndipo matenda ake ndi amodzi: misewu yotakata, maofesi otalikirana, woyenda pansi alibe chake. Nyumba zomwe anajambula katswiri wa zomangamanga Oscar Niemeyer ndi zokongola, sindikana, koma ine maso anga anali pa mitengo ya ipê, yomwe yayoyola masamba onse n'kuvala maluwa achikasu okhaokha pakati pa fumbi. Ndi pachibale ndi jakaranda wathu uja, amenenso kwawo ndi kuno ku South America.

Mayi wina wogulitsa madzi a nzimbe anatiuza kuti chilimwe chisanathe pamabwera kamvula kamodzi kapena kawiri komwe amati chuva do caju, mvula ya mbibu, ndipo mlimi wanzeru sadzala nako. Ndinamuuza mnyamatayu kuti awamasulire kuti kwathu timati chizimalupsa. Mayiwo anayesa kutchula katatu n'kusiya, akuseka.

Tsiku lachinayi: Planaltina

Lero ndi tsiku lomwe ndikanakonda ophunzira anga onse akale akanakhala kumbuyo kwa galimoto.

Tchire lozungulira Brasília limatchedwa Cerrado, ndipo ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 2 miliyoni, kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu a dziko lonse. Ine pa bolodi sindinkalilemba n'komwe. Ukaliona koyamba umati uli ku Dzalanyama kapena pena pake pa msewu wa ku Mchinji: udzu wautali wofiirira, zulu, lupsa apa ndi apo, mitengo yotalikirana. Ukayandikira ndi pomwe umaona kusiyana. Mitengo yake ndi yaifupi, yopindikapindika ngati ikumva kupweteka, makungwa ake okhuthala, ong'ambika ngati mang'a. Makungwawo ndi chishango cha moto. Mphamvu zake zambiri mtengo wakuno unazibisa pansi, mizu yake imatsika mamita ambiri kufuna madzi, mwakuti anthu amati ndi nkhalango yozondoka, nthambi pansi.

Dothi lake lofiira limanamiza. Ndi lakale kwambiri, mvula ya zaka zikwizikwi inalitsuka chonde, ndipo ndi la asidi wambiri. Mpaka zaka za m'ma 1960 anthu ankati muno ndi modyetsera ng'ombe basi. Zinasintha boma litakhazikitsa bungwe lofufuza za ulimi la Embrapa mu 1973, lomwe nthambi yake yoona za Cerrado ili konkuno ku Planaltina. Anathira laimu wambiri kuti aphe asidi, anaonjezera fetereza wa fosifolasi, n'kupanga mbewu za soya zolola nyengo yotentha. Lero Brazil ndiye akutsogola pa dziko lonse pa ulimi wa soya. Amadzala soya ndi mvula yoyamba, kukolola mu Januwale kapena Febuluwale, tsiku lomwelo makina ena akudzala chimanga pambuyo. Chimanga chachiwirichi amachitcha safrinha, kakolola kakang'ono, koma masiku ano ndi chochuluka kuposa choyamba. Mbewu ziwiri pa dzinja limodzi, popanda kuthirira.

Ndinamufunsa mnyamatayu funso lomwe aliyense wa kwathu angafunse. Nanga ife, poti dzuwa ndi lomweli? Anayamba wakhala chete. "Malume, mvula yakuno imatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Yathu mukudziwa nokha, ikafika Malichi yayamba kutsanzika. Komanso munda umodzi umene tadutsa uja ndi waukulu kuposa minda ya mudzi wathu wonse. Kwathu anthu mungawapititse kuti?" Anandikumbutsa za ProSavana, ntchito yomwe Brazil, Japan ndi Mozambique anafuna kuchita kumpoto kwa Mozambique potengera chitsanzo cha Cerrado. Alimi ang'onoang'ono anaikana poopa kulandidwa minda, ndipo inatsekedwa mu 2020. Ndipo mtengo wa chitukuko chakunoko ukuoneka ndi maso: pafupifupi theka la Cerrado linalimidwa kale.

Madzulo tinaima kunja kwa mpanda wa malo otetezedwa a Águas Emendadas. Kulowa kumafuna chilolezo, choncho tinangoonera patali. Ndi dambo, dambo wamba ngati a ku Kasungu, lokhala ndi mzere wa migwalangwa yotchedwa buriti, yomwe imakonda m'madzi monga chiwale. Koma madzi a dambo limeneli amatuluka mbali ziwiri. Kamtsinje kena kamapita kumpoto kukathira mu Tocantins n'kukafika kunyanja kufupi ndi Belém. Kena kamapita kummwera, kukapeza Paraná, n'kukakumana ndi madzi a Tietê aja. Madontho awiri ogwa pa mtambo umodzi, lina likathera pafupi ndi ikweta, lina ku Buenos Aires. Chitunda choumachi ndicho nkhokwe ya madzi ya mitsinje ikuluikulu yambiri ya dziko lino, ndipo mizu yozondoka ija ndiyo imathandiza mvula kulowa pansi. Soya mizu yake siifika kumeneko.

Tsiku lachisanu

Ndadzuka ndi kamfuno, kuuma kwa mpweya kwandipeza. Ndakhala m'nyumba ndi thaulo lonyowa pamutu mpaka nthawi ya ndege. Maola pafupifupi atatu kupita ku Manaus, ndipo ola lonse lomaliza pansi panali mitengo yokhayokha ndi mitsinje yopindika ngati njoka, popanda msewu, popanda denga. Wotchi yabwereranso ola lina. Chitseko cha ndege chitatseguka mpweya unandikuta ngati ndavundukula mphika wa mbatata. Kamfuno watheratu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi: Manaus

Ine ndinakulira kufupi ndi Shire ndipo ndinkati mtsinje ndimaudziwa. Rio Negro pa Manaus tsidya lina limaoneka ngati kamzere, monga mmene mapiri a ku Mozambique amaonekera uli ku Nkhotakota. Ndipo uwu ndi mtsinje wongothira mu unzake. Sitima zikuluzikulu za panyanja zimafika mpaka pano, makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Atlantic, chifukwa chigwachi ndi chathyathyathya: pakati pa mzindawu sipafika ngakhale mamita 100 pamwamba pa nyanja.

Tinakwera boti kupita pomwe Negro amakumana ndi Solimões, ndipo kuchokera pamenepo ndi pomwe anthu akuno amayamba kuutchula kuti Amazonas. Negro ndi wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, Solimões ndi wofiirira ngati tiyi wothira mkaka wambiri, ndipo amayenda moyandikana makilomita pafupifupi 6 osasakanikirana, malire ake ooneka ngati wina wachita kulemba. Woyendetsa boti anandiuza kuti ndiviike dzanja uku akuwoloka malirewo. Wakudawo ndi wofunda, madigiri ngati 28. Wofiirirawo ndi wozizirirapo, ngati 22, ndipo ndi waliwiro kuposa mnzake. Solimões amachokera ku mapiri a Andes ku Peru atasenza matope. Negro amachokera m'dothi la mchenga la kumpoto, ndipo kuda kwake ndi kwa masamba ovunda. Madzi ake ali ndi asidi, mwakuti udzudzu suswana kwambiri m'mbali mwake, koma nsombanso ndi zochepa. Anthu ofuna kulima amasankha gombe la wamatopeyo, komwe chigumula chimasiya chonde chaka ndi chaka, monga madimba a ku Nsanje. Akaphatikizana, mtsinjewu umathira m'nyanja madzi oposa makyubiki mita 200,000 pa sekondi iliyonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi onse omwe mitsinje ya dziko lapansi imapereka ku nyanja.

Pa doko pali khoma lomwe amalembapo pomwe madzi anafika chaka ndi chaka, ndipo akhala akuyeza kuyambira 1902. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pa malo ena alionse. Mtsinjewu umakwera ndi kutsika mamita ngati 10 chaka chilichonse, ndipo palibe amadabwa. Nyumba zina zili pa mizati, zina zimayandama pa zipika, ndipo doko lenilenilo ndi loyandama. Koma zaka zaposachedwa zasokoneza khomali. Mu Juni 2021 madzi anafika mamita 30.02, kuposa kale lonse. Mu Okutobala 2023 anatsika kufika 12.70, kutsikitsitsa m'mbiri yonse kufika nthawi imeneyo. Chaka chotsatira, mu Okutobala 2024, anatsikanso kufika 12.11. Midzi yomwe msewu wake ndi mtsinje inasowa pogula mchere ndi mankhwala, maboti atakhala pa mchenga.

Chaka cha 2023 chinandigunda pamtima. Inali nthawi ya El Niño, yemwe uja anaumitsa chimanga chathu chisanamasule mpaka pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera analengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nthawi imene ife tinkayang'ana kumwamba ku Chiradzulu, msodzi wakuno ankakoka bwato lake pa matope ouma. Ndipo mu Meyi 2024, kummwera kwa dziko lomweli, mzinda wa Porto Alegre unamira ndi madzi osefukira. Kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, komwe ambiri a ife sitidzakuonako, kumagawa njala ndi chigumula mbali zonsezi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri: m'nkhalango

Madzi ayamba kutsika koma akadali pamwamba, choncho m'nkhalango talowa pa bwato. Kupalasa pakati pa mitengo, mutu ukugunda nthambi zomwe mu Okutobala zimakhala kumwamba kosafikika. Nkhalango yomira motereyi amaitcha igapó. Nsomba zimadya zipatso zogwa m'mitengo. Ndadya imodzi yotchedwa tambaqui, yowotcha pa makala, nthiti zake ngati za mwana wa mbuzi. Chambo chisandimve, koma ndinapempha ina.

Titatsikira pa mtunda, wotiperekeza anafukula pansi ndi chikwanje. Masamba ovunda okhuthala ngati chikhatho, timizu tolukana, pansi pake dothi lachikasu losabereka. Chuma chonse cha nkhalangoyi chili m'mitengo momwemo, tsamba likagwa limavunda msanga n'kubwerera m'mwamba. Ukadula n'kutentha, zaka ziwiri zitatu wakolola, kenako watsala ndi tsala. Koma pali malo ena a dothi lakuda bii lotchedwa terra preta, lomwe anthu akale a muno analipanga pothira makala, zinyalala, minga ya nsomba ndi mapale, ndipo mpaka lero ndi lachonde. Ndinakumbukira dzala la kuseri kwa nyumba ya agogo, pomwe maungu ankabereka osadzalidwa.

Cha m'ma 2 koloko kunagwa mvula yamphamvu, ya theka la ola, ndipo akuti ino ndi nyengo yawo youma. Manaus amalandira mamilimita oposa 2,000 pa chaka. Apa ndi pomwe mnyamatayu anandiphunzitsa zomwe sizinali m'mabuku anga. Mphepo yochokera ku Atlantic imabweretsa mvula, mitengo imamwa n'kutulutsa madziwo kudzera m'masamba, mtengo waukulu malita mazanamazana pa tsiku, nthunziyo n'kugwanso ngati mvula chakuzambwe, mobwerezabwereza mpaka kukagunda khoma la Andes. Ikalephera kudumpha imakhotera kummwera. Akatswiri akuno amaitcha rios voadores, mitsinje youluka. Gawo la mvula yothirira soya ku Cerrado ndi yodzaza madamu a São Paulo limadzera njira imeneyi. Wodula mtengo kuno amatunga m'chitsime cha munthu wokhala makilomita 2,500 kutali.

Pobwera tinadya pa nyumba ina yoyandama. Pa tebulo panali mbale ya ufa wa chinangwa wokazinga, wamiyalamiyala, farinha, umene amawaza pa chakudya chilichonse. Abale anga a ku Nkhata Bay, kondowole wanu kwawo ndi kuno, chinangwa chinabwera kwathu ndi Apwitikizi. Ngakhale mitengo ya labala ya ku Vizara makolo ake ndi a m'nkhalango muno. Labalayo ndi amene anamanga nyumba ya zisudzo ya Teatro Amazonas mu 1896, chuma chisanathawire ku Asia komwe mbewu zake zinakadzalidwa.

China choti ndidzitame nacho. Phiri lalitali kuposa onse mu Brazil, Pico da Neblina, lili kumpoto kwa boma lomwe lino la Amazonas, m'malire ndi Venezuela. Kutalika kwake ndi mamita 2,995. Sapitwa ndi 3,002. Dziko lalikulu ka 72, koma Mulanje walipitirira ndi mamita 7. Ndamuuza wotiperekeza, sanasangalale nazo kwenikweni. Mapiri akuno ndi aafupi chifukwa Andes sanafike muno. Miyala ya Brazil ndi yakalekale, yoperepeseka, yokhazikika, ndipo zivomezi zonga za ku Karonga mu 2009 kuno n'zachilendo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu

Tsiku lathera m'mabwalo a ndege. Ndege yachedwa maola anayi, chikwama changa chafika chonyowa mbali imodzi. Tadzera ku Recife, pa chimimba chija ndinkayambira kujambula, chomwe ukachisendeza pa mapu chimalowa bwinobwino m'khwapa la Africa, poti kale linali dziko limodzi. Kumagwa mvula, nzimbe zili biriwiri.

Tsiku lachisanu ndi chinayi: Petrolina

Makilomita ngati 700 kuchokera ku Recife, m'boma lomwelo la Pernambuco, ndipo ukhoza kulumbira kuti wasintha dziko. Ku gombe mvula imapitirira mamilimita 2,000. Kuno siifika ndi 500 omwe, ndipo imagwa mwa apo ndi apo, mwina yonse m'masabata ochepa. Chinyezi cha kunyanja chimathera ku gombe ndi pa zitunda za Borborema. Dera lino ndi sertão, tchire lake ndi caatinga, liwu la chiyankhulo cha Atupi lotanthauza nkhalango yoyera. Dzinalo ndi loona: mitengo yonse yayoyoka, yatuwa mbuu ngati yawazidwa phulusa, minga paliponse, mbuzi zikudya zomwe ine sindikuziona. Zomera zobiriwira ndi mandacaru, zaminga zoima ngati munthu wokweza manja, ndi ina yamasamba onenepa yomwe amachita kudzala m'mizere n'kumaduladula kudyetsa ziweto.

Tinachezera banja lina kunja kwa tauni. Bambo wake, wamkulu ngati ine, anandionetsa mtengo wa umbu, womwe umasunga madzi m'zotupa za ku mizu zonga mbatata zikuluzikulu. Mlambe wathu umasunga m'thunthu, uwu umasunga pansi. Kenaka anandionetsa chomwe amanyadira: thanki ya simenti yozungulira, yoyera, theka lili m'nthaka, yolandira madzi a padenga kudzera m'mipope. Imalowa malita 16,000, okwanira kumwa ndi kuphikira banja miyezi yonse ya chilimwe. Mathanki otere anamangidwa oposa 1 miliyoni m'dera lino kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anthu akuno chilala amachidziwa ndi zaka zake, monga ife timatchulira 1949 ndi 2002. Cha 1877 mpaka 1879 chinapha anthu mazana a zikwi, ndipo ambiri opulumuka anathawira ku Amazon kukadula labala uja. Cha 2012 mpaka 2017 chinali chachitali kwambiri, ziweto zinafa zosawerengeka, koma anthu sanafe monga kale. Bamboyo anamenya thanki yake ndi chikhatho ngati akusisita ng'ombe.

Ndinayang'ana mipopeyo, ndinayeza ndi mapazi kukula kwa thankiyo, ndinajambula m'kope. Denga langa la malata ku Blantyre limataya madzi ochuluka kuwirikiza kawiri pa amene denga ili limalandira, ndipo mu Okutobala akazi anga amadzuka 3 koloko kukadikira pa mpopi.

Tsiku lakhumi: Petrolina ndi Juazeiro

Pakati pa kuumaku pakudutsa mtsinje waukulu, São Francisco, umene eni ake amautcha Velho Chico ngati akutchula agogo awo. Madzi ake si akuno. Amachokera ku Serra da Canastra ku Minas Gerais ndi m'madambo a Cerrado, n'kuyenda makilomita oposa 2,700. Tawoloka pa kaboti kupita ku Juazeiro, tsidya la Bahia, mphindi zochepa chabe. Kumtunda pang'ono kuli damu la Sobradinho, lomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, lomwe nyanja yake ndi yaikulu kuposa Chilwa, ndipo inamiza matauni anayi, anthu ake n'kusamutsidwa.

Kumene ngalande yafika, caatinga imathera pa waya, mbali inayo mango ndi mphesa. Poti dzuwa silisowa ndipo mvula siisokoneza, mlimi ndiye amalamula nyengo: akatseka madzi mpesa umagona, akatsegula n'kudulira umadzuka. Amakolola kawiri pa chaka, ndipo munda umodzi umakhala ndi mzere wa maluwa pafupi ndi mzere wakupsa. Zambiri zimapita ku Ulaya. Ndinaganiza za ngalande yomwe ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsikira ku Chikwawa, poti kutentha kwake ndi mtsinje wake n'zofanana ndi kuno. Ndinaonanso kuti bambo wa dzulo uja amakhala makilomita ochepa kuchokera pa ngalande, koma madzi ake ndi a padenga.

Usiku tadya ku Bodódromo, msewu wa malo odyera nyama yowotcha okhaokha. Dzinalo likunena mbuzi, koma yomwe anatipatsa inali ya nkhosa. Kanyenya wa pa Kamba akadali patsogolo pa nkhani ya tsabola.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi: São Paulo

Tabwerera mu garoa. Kummwera sindinafike, ndalama ndi masiku zatha, dambo lalikulu la Pantanal ndi mathithi a Iguaçu ndaziona pa zithunzi za m'bwalo la ndege. Pa wailesi yakanema akuonetsa udzu woyera ndi chisanu ku mapiri a Santa Catarina, komwe zaka zina ku São Joaquim kumagwa ndi chipale chomwe. Mkulu wina woyandikana nyumba ndi mnyamatayu anabadwira kumpoto kwa boma la Paraná, ndipo watifotokozera za m'mawa wa pa 18 Julaye 1975, pomwe chisanu chinawaula khofi yense wa m'bomalo usiku umodzi, masamba kuda ngati apsa ndi moto. Banja lawo linagulitsa munda n'kubwera mu mzinda uno. Khofi anasamukira kumpoto, ku Minas Gerais. Mphepo yozizira yomweyo nthawi zina imakwera mpaka kumadzulo kwa Amazon, anthu a m'nkhalango n'kufunda mabulangete masiku awiri atatu. Amaitcha friagem.

Ndalongedza. Farinha makilogalamu awiri, khofi wa akazi anga, kope lomwe lili ndi chithunzi cha thanki ndi miyeso yake. Nsapato zanga zili ndi dothi lofiira la ku Planaltina lomwe lakana kuchoka, ndipo ndikakafika palibe adzakhulupirire kuti si la ku Thyolo. Ndimafuna kubweza chijasi chija koma mwini wake wakana. "Tengani, malume, mayi anena pa WhatsApp kuti ku Blantyre dzuwa silinaoneke chiyambire Lolemba." Ndachiika pamwamba penipeni pa chikwama. Ndege inyamuka mawa madzulo.